Tsiku Limene Supuni Inamata pa Chamama

Lachiwiri lapitali ndinalawirira ku Chamama kukagula feteleza wotsika mtengo uja. Inu alimi anzanga mukudziwa mmene zimakhalira. Umafika, umaika mwala wako pamzere, kenako kalaliki amasuzumira pawindo n'kulengeza kuti netiweki yathawa. Yathawira kuti, palibe amene amafunsa. Miyala imatsala padzuwa ikusunga malo, eni ake n'kukafuna mthunzi.

Mthunzi wabwino kuposa yonse unali pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi depoti. Koma pamenepo panali tebulo la Mayi Kamanga, mlangizi wa zaumoyo wa dera lija, amene anabwera ndi mnzawo wa ntchito, bokosi la katemera wa korona ndi chimkuzamawu. Mayiwa anaganiza bwino: anthu ali pompano, ndipo sapita kulikonse. Chimene sanaganize n'chakuti anthu angalolere kupanikizana pakhonde la butchala, ntchentche zili ng'waa, kusiyana ndi kuyandikira bokosi lija.

Pakhondepo amene ankalamulira nkhani anali a Jumbe, kapitawo wa pa esiteti ina ya fodya, munthu wathupi ndi wa mawu ngati ng'oma. Matenanti awo anawazungulira.

"Mukudabwa netiweki?" anatero. "Bokosi lija ndi limene likuimwa. Muli maginito mmene muja. Akakubaya, supuni imamata pamkono, ndipo boma limadziwa pamene wagona."

Ndinawafunsa kuti anamva kwa ndani.

"Kumva? Ndili ndi maso ine. Taonani Aburundi. Anthu aja adutsa malire angati? Za azungu amazidziwa kuposa ife. Mwaonapo mmodzi akupinda malaya patebulo paja? Akakana munthu woyenda maiko, iwe wobadwira pa Chamama ndiwe ndani?"

Matenanti anagwedeza mitu. Mfundo inali itakhazikika.

Ludzu linanditengera kugolosale ya Mayi Divine. Mayiwa ndi amuna awo, a Pasikali, anathawa nkhondo ku Burundi, anakhalako kumsasa wa othawa kwawo ku Dowa, kenako anadzakhazikika pa Chamama zaka zambiri zapitazo. Amagulitsa sopo, mchere, mafuta ophikira, ziwiya ndi zitenje. Chichewa chawo n'chomveka kuposa cha adzukulu anga a m'tauni. Tsikulo chitseko chinali chotsekula theka, ndipo a Pasikali, amene sachoka pakauntala, panalibe.

Ndikumwa madzi anga, kuseri kwa katani munthu anakhosomola. Chinali chifuwa chouma, chochokera pansi, chija chimasiya munthu akusakasaka mpweya.

"Ndani ameneyo, mayi?"

"Ndi wailesi," anayankha mosandiyang'ana.

Wailesi inakhosomolanso. Kenako inaitana ndi mawu otsika: "Divine, madzi."

Mayi Divine anapita ndi madziwo, ndipo atabwerako anakhala pansi n'kundiuza zoona. A Pasikali anali atadwala kuyambira sabata yapitayo. Thupi linkatentha, fungo sankalimva ngakhale la sopo amene amagona naye nyumba imodzi, ndipo tsopano mpweya unkaperewera. Mayiwa ankawafukiza masamba a bulugamu, chitseko chili chotseka.

Nditafunsa za chipatala, anatulutsa foni n'kundimvetsa uthenga wa mawu. Anali mwamuna akulankhula Chirundi mothamanga. Anandimasulira: matebulo a katemera ndi msampha. Mlendo aliyense amene apereke dzina lake, lole ibwera kudzamubwezera kumsasa, golosale n'kutsekedwa. Amene apite kuchipatala akukhosomola, satulukako.

"Munthuyu mukumudziwa?"

"Ayi. Koma akulankhula chakwathu." Anaika foni pakauntala. "Komanso bambo, taonani Amalawi. Dziko ndi lanu, boma ndi lanu, chipatala ndi chanu. Mwaonapo mmodzi akupita patebulo paja? Mwini nyumba akakana chakudya, mlendo amadya?"

Mwamva zimenezo, owerenga? Amalawi akukana chifukwa aona Aburundi akukana. Aburundi akukana chifukwa aona Amalawi akukana. Aliyense wasandutsa mantha a mnzake kukhala umboni, ndipo pakati pawo pali bambo amene akulephera kupuma.

Ine ndinaganiza zothetsa nkhaniyi mwachidule. Ndinawauza kuti ndinabayitsa kalekale, ndipo ndili pano, ndapalasa njinga kuchokera kumudzi. Ndinapinda malaya kuti aone mkono. Mayi Divine anandiyang'ana, anasolola supuni imodzi pa zogulitsa zawo, n'kuiika pamkono wanga.

Tsono kumbukirani kuti ino ndi nyengo ya dzuwa lija loti nazale ya fodya ukathirira m'mawa, masana yauma. Ndinali nditapalasa njinga. Thukuta linali litauma n'kubweranso.

Supuni inamata.

"Mana yanje!" anakuwa Mayi Divine, kuitana Mulungu m'chinenero chawo. Ine ndi mantha ndinatulukira panja, supuni ili pamkono ngati nyota ya msilikali. Khonde lonse la butchala linakhamukira kwa ine, a Jumbe ali patsogolo.

"Ndimanena chiyani ine?" anafuula. "Onani nokha! Tsopano ndikuonetseni thupi la munthu wosabayidwa."

Anachotsa supuni pamkono wanga, anavula malaya mbali imodzi, n'kuiika pa wawo. Inamata. Anagwedeza mkono, koma sinagwe. Kuti akonze zinthu anaichotsa n'kuiika pamphumi. Pamenepo ndiye inakhazikika ngati inabadwira pomwepo.

Kenako mayi wina, tenanti wochokera ku Phalombe, anafunsa mwaulemu wonse: "Kani a kapitawo munabayitsa mobisa?"

"Ndi thukuta ili!"

"Nanga la bambo awa silinali thukuta?"

A Jumbe analumbira pa manda a mayi awo, supuni ikadali pamphumi. Palibe anawamvera. Bambo wina kumbuyo anali atamaliza kale kuwerengera: "Ndazindikira. Akuluakulu amabayitsa ndi mabwana awo, ife n'kumatiopseza kuti tisapite. Chabwino chilichonse amabisa. Feteleza si uyu?"

Dzuwa lisanafike pamutu, anthu anayamba kutola miyala yawo pamzere wa feteleza n'kukaindandalika kutsogolo kwa tebulo la Mayi Kamanga. Aliyense ankafuna mankhwala a mabwana asanathe.

Ndikanayenera kusangalala, ndipo kunena zoona ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma taganizani. Anthu aja sanapite patebulo chifukwa amva choonadi. Bodza lina linangothamangitsa linzake. Mawa kukabwera bodza lina lokhala ndi nsapato zabwino, adzalitsatiranso.

Mayi Divine sanaseke nawo. Anaima pakhomo la golosale, khutu lili kukatani. Ndinawapempha kuti ndikaitane mlangizi, anakana. Ndinapemphanso, anakananso. Kenako m'kati muja chifuwa chinayamba, ndipo chinatenga nthawi yaitali kuti chileke.

"Abwere okha," anatero. "Chimkuzamawu chija achisiye komweko."

Mayi Kamanga anasiyira mnzawo tebulo. Atafika anatipatsa tonse mamasiki, ine n'kundiuza kuti ndiime pakhomo. Analowa kuseri kwa katani, ndipo atatuluka anakhala pathumba la mchere, maso ndi maso ndi mwini golosale.

"Bambowa akufunika makina a mpweya lero, osati mawa."

"Mukawalemba dzina, lole ibwera?"

Ine ndinayembekezera yankho lija timalidziwa tonse, lakuti musadandaule, zonse zili m'malo. Koma Mayi Kamanga anati: "Za lole sindikudziwa, mayi. Si ofesi yanga, ndipo ndikakulonjezani ndikhala ndikunama. Chimene ndikudziwa n'chakuti mayina amene ndimalemba amapita kuchipatala, ndipo palibe anandifunsapo kuti Mburundi ndi uti. China chimene ndikudziwa n'chakuti bambowa akapitiriza kugona muno, mukhoza kuwataya."

Mayi Divine anayang'ana mashelefu awo, katundu yense amene anamusonkhanitsa kuchokera pa thumba limodzi la zovala. Ndinaona kuti akuyeza.

"Mukwera nafe?"

"Ndikwera."

Galimoto ya chipatala itabwera, a Pasikali anatuluka atakolekera manja pamapewa a amayi awiriwo. Ananyamuka kupita ku boma. Ine ndinatsala ndi makiyi a golosale, ndikudabwa kuti mawu amene anatsekula chitseko chija anali akuti "sindikudziwa."

Ndakhala ndikuziganizira sabata yonseyi. Ife timafulumira kunena kuti munthu wokana chipatala ndi mbuli. Koma munthu amene anathawa kwawo anaphunzira sukulu ina imene ife sitinalowemo. Anamvapo mawu okoma a akuluakulu akuti khalani m'nyumba zanu, palibe chichitike, kenako china n'kuchitika. Wotereyu ukamufuulira pa chimkuzamawu kuti asaope, amayamba kuyang'ana kumene kuli njira yothawira. Si umbuli umenewo. Ndi chikumbukiro cha miyendo.

Ndiye taonani zikwangwani zathu za mliriwu pa Chamama. Zili m'Chichewa, zina m'Chingerezi. Pa wailesi ndi chimodzimodzi. Bodza lokha ndi limene linadzivutitsa kulankhula Chirundi. Linalowa m'foni, linafika kuchipinda, linalankhula ngati m'bale. Choonadi chinatsala pansi pa mango chikufuula. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma nanga munthu amene palibe akumuuza yekha, atani? Amvera kandimverere yemweyo.

Ifenso tisadziyeretse. Mliri utangoyamba, si ife tinkanong'onezana kuti abwera nawo ndi alendo? Golosale yawo ikayenda bwino, si ife timati ali ndi zitumwa? Ukamunenera munthu zotere chaka ndi chaka, tsiku limene udzamuuze zoona adzayesa nazonso ndi zomwezo.

Lachisanu ndinabwereranso kukapereka makiyi. Ndinapeza Mayi Divine atakhala pampando panja pa golosale, masiki kukamwa, anthu angapo achilendo atawazungulira chapatali.

A Pasikali ali moyo. Akadali pa makina a mpweya, koma ayamba kudya, ndipo akudandaula kuti nyemba za kuchipatala zilibe mafuta. Mayi Divine akuti atamva dandaulo limeneli anadziwa kuti mwamuna wawo wabwerera. Mayi Divine nawo anawayeza n'kuwapeza alibe matendawa, ndipo anapempha kuti awabaye Mayi Kamanga, osati wina. Kenako anajambula uthenga wawowawo m'Chirundi. Anatchula dzina lawo, anatchula pamene pali golosale yawo, anafotokoza zimene anaona ndi maso, osawonjezera. Anamaliza ndi kuti amene akukayika abwere adzawaone.

M'mawa mwake m'mafoni munalowa uthenga wina, wakuti Divine wa pa Chamama anamwalira atangobayidwa, ndipo mawu aja anawajambula asanafe.

Ndiye chifukwa chake anakhala panja. Anzawo ochokera kwawo ankabwera, ena kuchokera ku boma, ena ku Santhe, kudzaona maliro. Ankapeza malirowo akukhuta mandasi. Mkulu wina sanakhutire ndi maso, mpaka anawatsina pamkono.

"Ndatopa nako kukhala wamoyo, bambo," anandiuza akuseka. "Kuyambira m'mawa ntchito yake ndi yomweyi."

Koma obwerawo sankangotsina n'kumapita. Ankakhala pansi n'kufunsa. Kodi anakufunsani mapepala? Kodi jakisoniyo ndi yemweyo akubaya Amalawi? Kodi wodwala shuga angabayitse? Zimene ankazidziwa, Mayi Divine ankayankha. Zimene sankazidziwa ankanena kuti sakuzidziwa, ndipo adikire Mayi Kamanga, amene analonjeza kudutsa madzulo. Ena anadikira. Ena anapita akupukusa mitu, ndipo mwina sadzabweranso. Sindikunamizani kuti onse anatembenuka.

Ndinachoka ndikuganiza za magolosale ena onse a m'chigawo chino, ku Chatoloma, ku Nkhamenya, m'misika ya pafupi ndi maesiteti, kumene kuli makatani amene sindinasuzumireko. Si paliponse pamene pali mlangizi wololera kukhala pathumba la mchere. Nthawi zambiri amene ali pafupi ndi inu ndi ine, ogula.

Mawa mukapita kukagula sopo kwa munthu uja mumangomutcha "Mburundi wa pakona," mudzifunse. Dzina lake mukulidziwa? Mukudziwa ngati ndi wa ku Burundi n'komwe, kapena wa ku Rwanda, kapena wa ku Congo? Ngati simukudziwa, tsiku limene mwana wake adzabanike ndi chifuwa inu n'kumuuza kuti athamangire kuchipatala, adzakukhulupirirani chifukwa chiyani?