Ndowa yomaliza ya mbewu

Achimwene anga, a Abdulkarim, anakhala pa bwato zaka makumi atatu mpaka msana unawakana. Atasiya usodzi, akazi awo a Sakina anawalandira m'munda wa mpunga ku Lifuwu. Apo ndi pomwe tinalakwitsa tonse.

Ndi munthu wabwino, sindikana. Koma maso awo ndi a msodzi: akaona mpata, amaona ukonde wong'ambika. Alamu angawo akamawokera mbande ziwiri paphando, motalikirana bwino, iwo amabwera m'mbuyo kutseka mipatayo. Ukawauza kuti mpunga umaphukira wokha ukapeza malo, amati nthaka yongokhala ndi ulesi wa mlimi.

Chaka chatha alamu anagonekedwa m'chipatala nthawi yofesa. Kunyumba anasiya ndowa imodzi ya mbewu, yotsala yokha ya mpunga wonunkhira womwe malemu mayi awo ankasunga. Anatsindika kuti theka afese, theka asunge. Ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa.

Achimwene anakhuthulira ndowa yonse pa nazale. Powokera, mbande khumi paphando, mapando ogundana. Ndinalankhula mpaka mawu anasasa. Alangizi a zaulimi anabwera ndi chingwe chawo choyezera mipata, n'kubwerera nacho chosamasula. Ndinawakumbutsa achimwene kuti wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, iwo n'kungoseka.

"Mlongo wanga, taona kubiriwirako," anatero. "Alamu ako akadzatuluka adzandithokoza."

Chondipsetsa mtima n'chakuti mundawo unalidi wokongola, ndipo odutsa ankaima kuwayamikira. Koma mpunga unathithikana, unakwera wowonda ngati udzu wofolerera, ngala zake zazifupi. Mvula yamphepo ya mu Epulo inaugwetsera wonse m'madzi. Tinakolola mankhusu ndi njere zakuda. Alamu, atachira, ananyika mbale imodzi ya njerezo n'kuifunditsa chiguduli kuti zimere. Sabata yathunthu, sinamere ndi njere imodzi yomwe.

Sanakalipe. Ine ndiye ndinakalipa mokwanira anthu awiri.

Mwezi watha ndinawaperekeza alamu kumsika wa Khombedza kukagula mbewu, koyamba m'moyo wawo. Achimwene anatsatira m'mbuyo atanyamula thumba lopanda kanthu. Wogulitsa anatchula mitundu yake n'kufunsa:

"Mukufuna wanji, mayi?"

Alamu anatapa dzanja limodzi, ananunkhiza, n'kubwezera. Anatapa m'thumba lina, chimodzimodzi. Wa mayi awo unalibe dzina loti angafunse.

"Uliwonse," anatero.