Mdala Amene Anakwirira Nsomba za Aroma

Abale inu, mdala woyandikana nafe kuno ku Autun, tauni yakale ya Aroma, ndi woopsa! Pakamwa pake mpoyabwa, koma wina amunyoze ine ndilipo, aona zakuda. Abakha ake amamwera m'bokosi lamaliro lamwala, momwe munagona munthu zaka zoposa chikwi zapitazo. Amakonda kunena kuti, "Tauni ino ukangoti ubzale kabichi, wadzutsa Mroma."

Chaka chatha ankakumba maziko a chipinda chapansi, poti mkazi wake, mayi Léonie, sathanso kukwera masitepe. Fosholo inafukula pansi pa nyumba ya Aroma: timiyala tamitundumitundu toyalidwa ngati nsomba, tokongola ngati taikidwa dzulo!

Mlamu wake Aurélien anagwira pakamwa. "Alamu, lamulotu likuti tikanene kuboma."

"Tikanene? Mutu ukuyenda bwino? Abwere ndi timaburashi tawo, azisesa zaka ndi zaka, mlongo wanu akugona pampando kukhitchini?"

"Komatu ichi ndi chuma cha dziko lonse!"

Mdalayo anaziyang'anitsitsa nsombazo, navula chipewa. Kenako anathirapo mchenga, pamwamba simenti, ife kukamwa kuli yasa!

"Mroma anazolowera kudikira, adikirebe," anatero. "Léonie wanga sangadikire mpaka chisanu."