A Zangaphee ndi Manja a Mlendo

A Zangaphee Nkhoma sakhulupirira munthu, ngakhale wolosera zanyengo pa wailesi. Anafika ku Glasgow tsitsi lili bii, lero mutu wayera akuwotcherera zitsulo kopangira zombo ku Govan, koma mpaka pano akakhoma chitseko amabwerera kukachigwedeza.

Loweruka lililonse amazungulira m'masitolo a katundu wakale kusaka zithunzi zojambula pamanja, zoonetsa mmene azungu anafikira ku America kalekale. Musaganize kuti amazikonda ayi. Amagula kuti azigwire bodza. Khoma la pabalaza pawo ladzaza zombo, nthenga ndi madengu a chimanga.

Nkhope alibe nazo ntchito, iwo ndi manja basi. "Taonani," amatero kwa anzawo akutchalitchi, chala chili pagalasi. "Eni dziko akupereka chimanga ndi manja awiri, mwaulemu ngati kwathu. Mlendo akulandira ndi dzanja limodzi. Linalo lili kuti? Komanso wojambulayo anali mnzake wa mlendoyo." Anzawowo amangovomera kuti nkhani ithe.

Zinavuta mwana wawo mmodzi yekhayo, Olivia, atanena kuti wapeza mwamuna, mzungu wa ku Easterhouse, mu Glasgow momwemo, dzina lake Hamilton. Mayi ake a Olivia, a Kettie, anali atamwalira, amalume ake ali kutali ku Dedza, ndiye mawu oyamba anali a bambo. Mtsikanayo anali ataneneratu kuti bambo akakana sakwatiwa, ndipo ameneyu akanena wanena.

A Zangaphee anatchera msampha. Tsiku limene mnyamatayo anabwera kudzaonekera, atangokhala, anamupatsira kapu ya tiyi, maso ali pamanja. Mawu okanira anali kale pamilomo.

Hamilton anatsika pampando, kugwada, n'kulandira ndi manja awiri. "Zikomo kwambiri, bambo," anatero m'Chichewa chokhotakhota.

Kholo lina likanamwetulira. A Zangaphee anachita tsinya. Ulemu wotere sumera wokha ku Easterhouse. Si pakhoma pomwepo palinso mzungu wovula chipewa, wowerama bwinobwino, kumbuyo anzake akutsitsa mfuti m'bwato?

"Olivia, wamuphunzitsa ndiwe kuti andipusitse?"

Olivia, yemwe nthawi zonse amayankha m'Chingerezi cha ku Glasgow, tsikulo anayankha m'Chichewa. "Si ine, adadi. Ndi amami. Ali m'chipatala muja, Hamilton ankabwera inu mukapita kuntchito. Ankamugwaditsa pambali pa bedi n'kumamupatsira kapu ya madzi mpaka atakhoza. Ankati, 'Bambo akowo adzayang'ana manja.'"

A Zangaphee anayang'ana zithunzi zawo zija pakhoma. Munthu wogwira bodza anthu amene anafa kalekale kutsidya kwa nyanja, za m'nyumba mwake momwe osaziona! Anachita manyazi, anapsa mtima pang'ono, koma kwenikweni anapukwa mkazi wawo.

Hamilton anali chigwadire, kapu ikumuotcha zala.

"Kettie anakuuzanso chiyani?" anafunsa a Zangaphee, mawu ali pansi.

Mnyamatayo anayankha mwaulemu: "Anati mukana kaye, bambo. Anati ndisadzuke."

A Zangaphee anamusiya pomwepo kanthawi ndithu, kuti aone ngati sadzuka zoona. Thukuta linatsika, koma mnyamatayo sanasunthe. Kenako bambowo anatsokomola, n'kuyang'ana kumbali kuti Olivia asawaone m'maso.

"Dzuka, mkamwini. Mawondo amenewo udzawafunanso pa chinkhoswe."