Diresi la Akamwana

Mwana wanga woyamba anabadwa mu Meyi, ukwati wa mng'ono wa amuna anga unali mu Ogasiti, ndipo chimene chinandisautsa pakati pa miyezi imeneyi ndi diresi.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Ku Mhuju, m'chigwa cha Henga kumpoto, ndinapita kukaphunzitsa, n'kukwatiwa komweko, m'banja la anthu a tchalitchi, aphunzitsi ndi anamwino okhaokha, anthu oti ukwati amaukonzekera ngati mayeso a boma. Pabanjapo pali mwambo woti akazi onse okwatiwa pakhomopo, akamwana monga amatitchulira, pa ukwati amavala nsalu imodzi, kasokedwe kamodzi, n'kulowa mu holo akuvina pamzere. Tinalipo asanu. Woyendetsa zonsezi anali mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, amene ankagwira ntchito ku Mzuzu ndipo Loweruka lililonse ankatsika minibasi ali ndi maganizo atsopano.

Nsaluyo anakaipereka kwa telala wa pakhonde la golosale ine ndili m'chikuta. Telala anafunsa ngati andidikire kuti andiyeze. Mlamu anati n'kutaya nthawi, si muyezo wanga unalimo kale m'kope mwake? Unalimodi. Unali wa chaka chapitacho, ndisanakhale ndi pakati.

Tsiku loyesa, diresi linadutsa kumutu bwinobwino, linavutikira pachifuwa, ndipo zipi inakwera theka n'kukana. Akamwana anzanga awiri anakoka, wina akundiuza kuti ndisapume.

"Telala angowonjezera m'mbalimu," ndinatero.

"Nsalu inatha, mulamu," anayankha mlamu wanga uja. "Ndipo diresi lilibe vuto yayi, lasokedwa bwino chomene. Kwatsala masabata asanu ndi limodzi. Mukalimbikira mubwerera."

Kubwerera kuti? Ankayankhula ngati ndinangopita ku Karonga n'kuchedwa pa siteji. Koma ndinali mlendo pabanjapo, wa kuchigawo chapakati yekhayo, ndipo sindinafune kuti mzere wa akamwana uwonongeke chifukwa cha ine. Ndinavomera.

Malamulo anabwera tsiku lomwelo. M'mawa madzi ofunda a mandimu. Masana chakudya chochepa ngati cha wodwala. Madzulo masamba okha. Anandionetsanso pa foni mayi wina wa kunja akudumphadumpha m'chipinda choyera, mimba ili phwa, akuti mwana wake anali wamng'ono kuposa wanga. Ndinafunsa kuti matewera amamuchapira ndani mayi ameneyu. Mlamu anati vuto langa n'lomwelo, kufuna zifukwa.

Apongozi anga anali ndi njira yawo. M'mawa uliwonse ankandimanga mimba ndi chitenje, bondo lawo lili pamsana panga, akukoka ngati akumanga mtolo wa nkhuni. Koma iwo ankabweretsanso chigubu cha chindongwa, thobwa la kumeneko, kuti mkaka uzibwera. Mlamu ataona chigubucho anati chindongwa ndicho chikutupitsa mimba. Kukana apongozi sindikanatha, choncho ndinkalandira ndi manja awiri n'kuthokoza kuti yewo, iwo akangotuluka n'kupatsa amuna anga. Amene ananenepa mwezi umenewo ndi iwowo.

Amuna angawo ankati, "Ine sindikunena kanthu, thupi ndi lanu." Tsiku lina anabwera ndi chingwe chodumphira n'kuchisiya patebulo, osanenadi kanthu.

Ndiye kunali kuthamanga. Mu Julaye ku Henga kumazizira mpaka mano kuwawa, koma ine mbandakucha ndinali pa bwalo la mpira la pasukulu, ndikuzungulira, mabere akupweteka, dzanja limodzi nditagwira pachifuwa. Amayi opita kudimba ankaima ndi makheni awo n'kumandiyang'ana. Mmodzi anafunsa mwachifundo, akunditchula aphunzitsi m'chiyankhulo chawo, "Asambizgi, akukuthamangitsani ndani?" Ndinangopitiriza kuzungulira.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti tsiku lonse ndinali kalikiliki. Kumjigo katatu, beseni la matewera, kusesa, kuphikira anthu chakudya chimene ine sindidya, mwana ali kumbuyo. Nditanena zimenezi, mlamu anati imeneyo ndi ntchito chabe, si masewero olimbitsa thupi. Mpaka lero sindidziwa kuti thupi limasiyanitsa bwanji ziwirizi.

Zipi inayamba kukwera. Loweruka lililonse ankandiyesa diresi, akamwana anzanga n'kuwomba m'manja. Ndisaname, ndinkasangalala.

Mwana ndiye anasintha. Ankagwira bere, kuyamwa pang'ono, kulisiya n'kulira, kuligwiranso, kulisiyanso. Ankayamwa chibakera chake mpaka kumveka. Aliyense anali ndi dzina la matendawo. Apongozi anati ndi m'mimba, mkamwana wina anati ndi liwombo, amuna anga anati ana aamuna amavuta choncho. Panyumba yodzaza anthu ophunzira, palibe anatchula njala.

Tsiku la sikelo litakwana ndinapita naye. Mayi wa zaumoyo anamuika m'kathumba ka sikelo kaja n'kumukoleka, anayang'ana muvi, anamutsitsa, n'kumukolekanso. Kenako anaika kadontho pa khadi, m'munsi mwa ka mwezi wapitawo.

"Aphunzitsi, mukudya kangati pa tsiku?"

"Katatu," ndinanama.

Anandiyang'ana m'chiuno, pamene mfundo ya chitenje cha apongozi inkaonekera mkati mwa bulauzi. Anayankhula motsitsa kuti amayi a pamzere asamve. "Mwanayu mbale yake ndinu. Mukapanda kuikamo, iye adya chiyani?"

Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo. Chitenje chija ndinachimasulira kuseri kwa chipatala komweko. Pamsika ndinagula chinangwa chophika ndi usipa wokazinga, n'kudya nditaima, ndikulira, anthu akundidutsa.

Loweruka ndinawaonetsa mlamu khadi lija. Analiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti zawakhudza. Kenako anati, "Pepani chomene, mulamu. Ndiye tigule mkaka wa m'chitini. Kwangotsala masabata awiri, musagwe mphwayi pano."

Zimene ndinayankha sindilemba, chifukwa zina zinali za ku Dedza zenizeni, ndipo apongozi anapempha kuti wina awamasulire koma palibe analola. Lolemba ndinapita ndi diresi kwa telala pamodzi ndi siketi yanga yakale yakuda. Anang'amba m'mbali monsemo n'kuikamo nsalu yakudayo, mulifupi ngati chikhatho mbali iliyonse. Anati akanandiyeza poyamba, nsalu ija ikanakwana.

Pa ukwati anandiika kumapeto kwa mzere. Pojambula chithunzi, mlamu anandipempha mwaulemu kuti ndiime kumbuyo kwa anzanga, ndipo pa chithunzicho ndimaoneka mutu wokha. Zimenezo sizinandiwawe. Ndinadya mbale ziwiri za mpunga ndi nyama pamaso pa onse, n'kukakhala pakhonde la holo kuyamwitsa.

Panatenga miyezi itatu kuti timadontho ta pa khadi tibwerere pamzere wake. Mwanayo pano ndi wamtali kuposa ine ndipo za nkhaniyi sadziwa. Mlamu ndinawakhululukira kalekale, nawonso anadzabereka n'kuona okha. Amene ndimalephera kumukhululukira ndi mphunzitsi uja amene chaka chilichonse ankalemba pa bolodi magulu asanu ndi limodzi a zakudya, n'kumakalipira ana akaiwala gulu limodzi. Masabata anayi athunthu mwana wanga ankalira njala ali m'manja mwanga, ine ndikumutonthoza ndi kanyimbo kuti agone msanga ndipite kukathamanga.