Pemphero limene ndinaika pa thabwa lachikasu

Anthuni, izi sindikupeka ayi, ndine mkulu wa mpingo, ndipo chilonda chake tikadali nacho m'nyumba mwathu muno ku Maryhill.

Mwana wanga wamkazi, wokulira konkuno ku Glasgow, ankasewera siketibodi, kathabwa ka matayala anayi kamene amajowa nako masitepe ndi zitsulo. Poyamba ndinkati n'zachibwana, koma nditaona kuti akupita nazo patali ndinadzipereka kukhala wopempherera osewerawo pa mipikisano. Ntchito yake si yovuta, umakhala pakona ndi tiyi wako, wamantha amabwera n'kumumvera, ndipo ambiri amakonda kuti uike dzanja pa thabwa lawo upemphere asanalowe.

Chaka china, pokonzekera mpikisano, mtsikana wina wa ku Shawlands anamudutsira mwana wanga kutsogolo isali nthawi yake, anawombana, mwana wanga n'kuthyoka mwendo pawiri. Iyeyo anadzuka bwinobwino, mawa lake n'kutenga chikho. Kuchipatala sanapondeko, ngakhale kauthenga ka pafoni komwe, pamene ine miyezi yathunthu ndinkakwera nsanjika zitatu mwana wamkulu ali kumsana. Inu mukanakhululuka? Lamlungu ndinkalalikira za chikhululukiro, koma mumtima ndinkati tidzaonana, mlandu suwola.

Mwana atachira anabwerera ku mpikisano. M'mawa wa tsikulo ndinangoona mtsikana uja akubwera pakona panga, maso pansi, thabwa latsopano lachikasu lili m'khwapa, n'kunena kuti ndilipempherere chifukwa linali ndi ntchito yaikulu tsiku limenelo. Magazi anandiwira. Ndinati wadzibweretsa yekha ngati nkhuku ya Khirisimasi. Ndinamuuza kuti ndipemphera m'chilankhulo cha kwathu, iye n'kuvomera mwaulemu, ndipo ndi mawu ofatsa ndinapempha Mulungu kuti wokwera thabwa ili lero agwe, amve ululu umene mwana wanga anamva, asadzakwerenso. Anayankha ameni, n'kundithokoza misozi ikulengeza. Ndinapitiriza tiyi wanga, ndipo sindikubisireni, anakoma.

Masana ataitana dzina la mwana wanga ndinaimirira kuti ndione bwino. Anatulukira pamwamba pa malo otsetserekera akumwetulira, thabwa lachikasu lomwe lija lili m'manja. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mtsikanayo chaka chonsecho ankatizemba chifukwa cha manyazi, ndipo thabwalo anagula kuti apepesere, n'chifukwa chake anafuna kuti liyambe ladalitsidwa ndi bambo ake a mwanayo. Ndinakuwa kuti asakwere, koma ndi nyimbo ndi phokoso la m'holo ya mpikisanoyo, ndani akanamva nkhalamba? Ndinathamanga ndikuchonderera Mulungu kuti asandimvere. Mwana anatsetsereka, anajowera pa chitsulo, thabwa linamuthawa, mutu n'kumenya pa simenti. 

Anakhala masiku atatu osatsitsimuka. Amene ankakhala nane pa benchi ya kuchipatala n'kumandigulira tiyi anali mtsikana yemwe uja, ndipo ankandipempha kuti ndibwereze pemphero lija popeza ati linamukhudza mtima.  Mwana anatsitsimuka, koma mpaka lero akaimirira msanga amachita chizungulire, ndipo madokotala anati za thabwa aiwale.

Abusa athu nditawaululira anati Mulungu sayankha mapemphero otere, inangokhala ngozi. Mwina. Koma ine ndimakhulupirira kuti temberero lilibe maso, likachoka pakamwa silifunsa kuti uyu ndi mwana wa yani. Mwana wanga sadziwa kanthu, thabwalo analipachika pakhoma pabalaza, ndipo mlendo aliyense amamuuza monyadira kuti linadalitsidwa ndi adadi. Inu amene mumaika manja pa anthu, tsiku limene mtima wawira bisani dzanjalo m'thumba, chifukwa langa ndinaliika pa mwana wanga yemwe.