Nyimbo Imene a Ngozo Anabwera Nayo Kuchokera ku Joni

Loweruka lapitali ndinaitanidwa ku Nsipe chifukwa cha maphunziro anga. Owerenga akale mukudziwa kuti ku koleji ndinakhalako chaka ndi theka, kenako aphunzitsi anaona kuti angathe kupitiriza popanda ine. Koma kwathu chaka ndi theka ndi digiri. Malangizo a pabotolo la mankhwala a mbatata akavuta, amaitana ine.

Ulendo uno anandiitana ndi mayi anga aakulu, aNajere. Mwezi wamawa tikukaona chiliza cha amuna awo, a Ngozo, amene anagwira ntchito kumigodi ya ku Joni zaka zambiri. Mayi akufuna kuti pemphero likatha, pamanda palire nyimbo ina ya azungu imene malemuwo anabwera nayo pa kaseti.

Mukuidziwa nyimboyi. Imayamba ndi piyano mwakachetechete, mwamuna n'kumaimba ngati wadwala chimfine, gitala n'kudzalira chapakati. Imamveka m'minibasi ya ku Lizulu, kabichi ali pamiyendo. Akwati amalowa nayo mu holo pang'onopang'ono, anthu akululutira.

Akuluampingo anati sangalole nyimbo pamanda asakudziwa zimene ikunena. Ndiye mayi anandikhazika pakhonde, n'kuika kaseti mu wailesi.

"Tandimasulira, mwanawe. Usadumphe mawu."

Ndinamvetsera mpaka kumapeto. Nyimbo ija si yaukwati ayi. Mwamuna akuuza mkazi wake kuti kumene anapita anapezako wina, kuti wabwerera kunyumba ndi manyazi, ndipo akupempha chikhululuko.

Ndinaganiza zonama. Ndikanati ikunena za mvula ndi maluwa, akananditsutsa ndani ku Nsipe? Mayi wamasiye, kaseti waisunga m'kansalu zaka zonsezi, ine ndimulande nyimbo yake?

"Mayi, Chingerezi cha m'nyimbo chimavuta," ndinatero.

"Kusukulu anakuchotsa chifukwa cholephera, osati kugontha. Nena."

Ndinanena zonse. Mayi anapitiriza kusankha nyemba m'lichero, osadzutsa mutu.

"Ndinkadziwa. Amuna anga anabwera kuchokera ku Joni malaya ali osokedwa bwino pachigongono, dzanja la mkazi lochita kuonekeratu. Sananene kanthu. Ankangoika nyimboyi n'kukhala pamene wakhala iwepo, maso ali pansi. Chingerezi sindimva, koma munthu wopepesa ndimamudziwa."

"Nanga munawayankha?"

"Ndinkadikira anene ndi pakamwa pawo. Mpaka anapita. Ndiye ikalire pamandapo, adziwe kuti ndinamva."

Tsono inu mumadabwa kuti nyimboyi siikutha bwanji, pamene zovina za chaka chatha taziiwala kale? Ine ndikuganiza kuti amuna ambiri kuno pakamwa pathu pamalemera. Tikhoza kusenza thumba la mbatata kuchokera ku Tsangano, koma mawu akuti "ndinalakwa" satuluka. Timalemba ganyu mzungu wa piyano kuti atinenere, ife n'kumagwedeza mutu ngati tikungosangalala ndi gitala. Akazi nawo amamva, n'kukhala chete. Ndi mabanja angati akukambirana kudzera mu wailesi?

Ponyamuka ndinafunsa kuti akuluampingo ndikawauze chiyani, poti nkhani ya mkazi wa ku Joni singanenedwe pamaso pa ana ndi adzukulu.

Mayi anapukuta kaseti ija ndi nsonga ya chitenje, n'kuikulunganso.

"Kawauze kuti ndi nyimbo yakulapa. Sukhala utanama."