Kalipentala Wapakhonde

Anthu ankawatcha a Dekhani chifukwa cha matabwa. Thabwa laliwisi sankalikhudza. Ankasanja matabwa pamthunzi, n'kuika timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, kenako n'kudikira mpaka aume. Wofuna chitseko mwamsanga ankamuuza kuti apite kwina.

Shedi yomwe ankagwiriramo ntchito inali ya malemu bambo awo, ndipo anaisiyira iwo ndi mng'ono wawo. Chaka china a Dekhani anathyoka mwendo n'kugonekedwa m'chipatala. Atatuluka anapeza loko watsopano pachitseko cha shedi. Mng'ono wawoyo anawauza, osachita n'komwe manyazi, kuti malo ndi ochepa, makasitomala atopa n'kudikira, ndipo zida zawo wazimanga kale m'thumba. A Dekhani ananyamula thumbalo n'kubwerera kunyumba akutsimphina.

Kuyambira tsiku limenelo khonde la nyumba linasanduka shedi, ndipo amene anavutika nazo ndi akazi awo. Utuchi unkalowa m'mabulangete, m'ndowa ya madzi akumwa, ngakhale m'thumba la shuga. Mvula ikagwa, matabwa ankalowa pabalaza, alendo n'kumakhala panja. Mayiwo anawauza amuna awo kuti apite kukhoti. Anakana. Anawauza kuti akadandaule kwa akulu a mpingo. Anati samangitsa mwana wa mayi awo, ndipo Mulungu anaona yekha amene anasintha loko.

"Anaona, inde," anatero mayiwo. "Nanga akudikira chiyani? Nayenso akuumitsa matabwa?"

A Dekhani anangoti asamalankhule choncho, n'kupitiriza kupala thabwa.

Chimene chinkawapweteka kwambiri mayiwo n'choti mlamu wawoyo zinkamuyendera. Iye sankadikira kanthu. Matabwa akafika m'mawa ali aawisi, madzulo chitseko chatha, vanishi ali waliwali. Anagula njinga yamoto. Kutchalitchi anayamba kukhala kutsogolo, n'kumapempheretsa mokweza. Mayiwo ankakhala kumbuyo akuyang'ana khosi lake lonenepa, nyimbo osaimva. Kupemphera sanasiye, koma mapemphero awo ankamveka ngati a munthu amene waima nthawi yaitali pamzere. Ankamukumbutsa Mulungu za mwendo, za loko, za ana amene akukulira m'fumbi. Amuna awo akawerenga za Yosefe m'ndende, iwo ankayankha kuti Yosefe analibe mkazi wosesa.

Zinatenga zaka. Chilango chimene mayiwo ankayembekezera, cha moto kapena cha apolisi, sichinabwere. Kunangobwera dzuwa, chaka ndi chaka. Zitseko za mlamu uja zinayamba kuuma zili kale m'nyumba za eni ake. Zina zinapindika, zina zinang'aluka, zina zinakana kutsekeka. Mwini nyumba zalendi wina anazula zitseko zonse za nyumba zake n'kukaziunjika pakhomo pa shedi, anthu akuona. Mbiri inafala. Makasitomala anayamba kufunsa njira ya kukhonde kwa a Dekhani.

Tsiku lina m'mawa mlamu uja anafika wapansi. Anaima pabwalo, chipewa chili m'manja, n'kupereka moni kwa mayiwo. Iwo anayankha ali chilili, mpando osamupatsa. Kenako anatembenukira kwa mkulu wake. Kupepesa kwenikweni sanapepese. Anazungulira, za nyengo, za matabwa a masiku ano, mpaka anatulutsa kiyi n'kumuika pabenchi. Anati zitsekozo payekha sangazikonze.

Mayiwo anayang'ana amuna awo. Nthawi ija inali itakwana. Anayembekezera kuti amuna awo atenga kiyi n'kumuuza munthuyo kuti amange zida zake m'thumba, alawe nayenso. A Dekhani anatenga kiyiyo, n'kufunsa ngati denga la shedi likudonthabe pakona. Kenako anati mawa onse awiri alawirire, ayambe n'kusankha zitseko zomwe zingapulumuke.

Mlendo atangotuluka, mayiwo anayamba.

"Abambo, mwati onse awiri? Zaka zonsezi ndadya utuchi kuti munthu ameneyu akhalebe m'shedi?"

"Shedi ndi ya anthu awiri, mayi. Kwa Mulungu ndinapempha mbali yanga. Yake sindinapemphe."

"Ndinapempha ndine."

"Ndiye mwayankhidwa theka. Thokozani."

Mayiwo sanathokoze tsiku limenelo. Anatsuka mbale mwaphokoso, n'kumauza Mulungu chamumtima kuti mlanduwu akanawapatsa iwo, ukanatha kalekale ndiponso bwino. Koma ankadziwa kuti khoti likanagawa shedi pakati ndi khoma, abale n'kudana mpaka kumanda. Zimenezi sanauze munthu.

M'mawa mwake mlamu anabwera ndi wilibala kudzatenga zida. A Dekhani anatsogola, mng'ono wawo akukankha pambuyo, thukuta lili kamukamu. Mayiwo anaima pakhomo manja ali m'chiuno. Wilibala itafika pachipata anaitana.

"Alamu, benchi yatsala. Mubwerenso, ndipo munyamule nokha. Akulu anu mwendo uja sunachire bwino."

Anabwereradi, n'kuisenza yekha.